Momwe mungathamangire ku Zomba mukabwera kudzacheza: kuyambira m'tauni mpaka pamwamba pa phiri

Alendo okonda kuthamanga akafika ku Zomba, ambiri amalakwitsa m'mawa woyamba womwe. Munthu wabwera kumsonkhano wa masiku atatu, kapena wadzaona mwana wake ku yunivesite ya Chanco, nsapato zothamangira zili m'chikwama. Kukacha akutuluka pa loji, phiri lija lili pamaso pake penipeni, mtima n'kumuuza kuti lero lomwe ndikaponda pamwamba. Mphindi 20 zisanakwane ali chigwirire mawondo m'mbali mwa msewu, wefuwefu, miyendo itauma gwa. Wina amaliopa phirilo n'kulunjika msewu waukulu wa M3, kumene amakameza utsi wa maminibasi ndi kulimbirana njira ndi akabaza, pobwerako n'kumati ku Zomba kulibe kothamangira.

Kothamangira kulipo, kokongola kwabasi. Chomwe mlendo ayenera kudziwa ndi chakuti mzindawu unamangidwa m'tsinde mwa phiri. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya phirili yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000. Njira iliyonse kuno ikapanda kukwera ndiye kuti ikutsika. Choncho phirili limafuna kulinyengerera: tsiku loyamba m'munsi, lachiwiri pachikweza, lachitatu pamwamba. Ndimo mmene ndimayendetsera abale anga akabwera kudzandichezera.

Zofunika kukhala nazo

- Nsapato zokhala ndi mano kunsi, zomwe mapazi anu anazizolowera kale. Zatsopano zisiyeni kunyumba, chifukwa pamtsetse zimatulutsa matuza.
- Masokosi osang'ambika, mapeyala awiri kapena atatu. Mame a m'mawa amanyowetsa.
- Malaya owala, oyera kapena achikasu, kuti oyendetsa galimoto akuoneni patali.
- Kajekete kopepuka komangirira m'chiuno. Pamwamba pamazizira kuposa m'tauni ngakhale dzuwa litawala.
- Botolo la madzi. La theka la lita likwanira m'tauni, koma kuphiri tengani lita yathunthu.
- Foni yodzaza moto, ndi kapepala kapulasitiki koikulungira mvula ikayamba.
- Ndalama zapamanja zosinthasintha. Kuphiri netiweki imabwera n'kumathawa, ndiye musadalire Airtel Money kapena Mpamba yokha.
- Nthochi ziwiri kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja.
- Kwa amayi ndi atsikana, chitenje chopepuka chomanga m'chiuno podutsa pamsika kapena m'midzi.

1. Sankhani nthawi molingana ndi mwezi umene mwabwera

Kuyambira Okutobala mpaka Disembala kunja kumayera cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 8 koloko dzuwa limakhala litayamba kale kuswa mtengo. Nyamukani 5:15, pofika 7 koloko mukhale mutabwerako. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'mafupa, choncho palibe chothamangira kutuluka kuli mdima. Miyezi imeneyi madzulo dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, komanso phiri limaphimba tauni msanga ndi mthunzi wake. Wothamanga madzulo ayambe 4 koloko.

Kwa ine miyezi yokoma koposa ndi Epulo ndi Meyi. Mvula yangotha kumene, mitsinje ikadali yodzaza, mlengalenga mulibe fumbi, ndipo ukaima pamalo okwera umaona kutali kwambiri. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse, moti ukhoza kukwera movutikira n'kukapeza Mulanje sakuoneka.

Chenjezo: musananyamuke, yang'anani phiri. Ngati mutu wake wabisika m'mitambo ndipo kukuwaza kamvula ka chiperoni, tsiku limenelo thamangani m'munsi basi.

2. Konzani njira usiku wake, ndipo wina adziwe kumene mwalowera

Mapu a pafoni amathandiza m'tauni, koma amene amadziwa za agalu aukali, mlatho wothyoka kapena njira imene kwachitika zauchifwamba posachedwa ndi anthu a pamalopo. Funsani alonda a pa loji. Iwo amakhala maso usiku wonse ndipo amayenda pansi tsiku ndi tsiku. Apatseni moni kaye, kenako muwafunse kuti, "Achimwene, mawa m'mawa ndikufuna kuthamangako pang'ono cha ku Botanic, njira yabwino ndi iti?" Mukatero auzeni nthawi imene mukuyembekeza kubwerera, ndipo muwasiyire nambala yanu.

Powerengera ulendo, gwiritsani ntchito mphindi. Makilomita 5 a ku Lilongwe ndi makilomita 5 a ku Zomba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati kwanu mumathamanga mphindi 40, kunonso konzani mphindi 40, mtunda ukhale umene ungakhale.

3. Tsiku loyamba: khalani m'munsi

Yambani ndi kuyenda mwandawala mphindi 5, kenako kuthamanga pang'onopang'ono kulowera chakumtunda kwa tauni, kumene kuli nyumba zakale za boma. Mbali imeneyi m'mawa mumadutsa magalimoto ochepa, misewu yake ili ndi mitengo ikuluikulu yamthunzi, ndipo mumadutsa pafupi ndi nyumba yakale ya malamulo komanso hotela ya Masongola. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mukamathamanga m'misewu imeneyi mudzaona nokha kuti anaumanga moganizira woyenda pansi.

Malo amene ndimawakonda pa tsiku loyamba ndi ku Botanic, munda wa mitengo ndi maluwa umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo. Pachipata pamakhala kandalama kolipira, ndiye funsiranitu nthawi imene amatsegula. M'katimo muli tinjira tamthunzi, timilatho, nsungwi, ndi phokoso la madzi pamiyala losalekeza. Mundawo ndi waung'ono kwa wothamanga, choncho zungulirani kawiri kapena katatu mopepuka, kenako tulukani mupitirize m'misewu yozungulira. Mukafuna udzu wofewa, bwalo la gofu la Gymkhana lili pafupi, koma ndi la kalabu. Pemphani kaye, ndipo muzidutsa m'mphepete, kutali ndi osewera.

Amene agona cha ku Chirunga kapena ku Matawale ali ndi mwayi wina. Mbali imeneyo nthaka ndi yosendera kuchidikha, ndipo ukamathamanga kulowera kutauni phiri lonse limakhala patsogolo pako, dzuwa la m'mawa likuliwomba. Misewu ya mozungulira yunivesite imakhalanso ndi ophunzira othamanga m'mamawa, ndiye simukhala nokha.

Chenjezo: mukamadutsa pafupi ndi State House kapena Cobbe Barracks, foni ikhale m'thumba. Musajambule, musaime pachipata kumadziwongola. Ingodutsani.

Chenjezo lina: pamsewu wa magalimoto, thamangani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi zobwera. Ngalande za m'mbali mwa misewu ya Zomba ndi zakuya chifukwa cha madzi otsika m'phiri, ndipo zina zimabisika ndi masamba ogwa.

4. Tsiku lachiwiri: chikweza cha ku Ku Chawe

Apa ndi pamene pagona nkhani. Msewu wa tala wochoka m'tauni kukwera ku hotela ya Ku Chawe ndi wa makilomita pakati pa 7 ndi 10, kutengera pamene mwayambira, ndipo pamtunda umenewo mumakwera mamita pafupifupi 600. Popumira pathyathyathya ndi pochepa kwambiri. Mlendo asaganize zokafika kumapeto pa ulendo woyamba. Ikani malire a nthawi: mphindi 25 kapena 30 zokwera, kenako tembenukani pamene mwafikapo.

Kakweredwe kake ndi aka. Fupikitsani mapazi, ngati mukukwera masitepe ang'onoang'ono. Thupi liweramire kutsogolo pang'ono kuyambira m'mapazi, msana uli wowongoka, maso akuyang'ana mamita angapo kutsogolo. Manja azigwira ntchito. Liwiro loyenera mulidziwa popereka moni: ngati mungathe kunena "Mwadzuka bwanji, bambo?" mpweya osaduka, muli bwino. Mukaona kuti mawu akutuluka theka, yambani kuyenda. Ambiri amachita manyazi kuyenda, chonsecho pachikweza chotere kuyenda mwamphamvu kumatsala pang'ono kufanana ndi kuthamanga, ndipo kumasunga mphamvu. Njira yabwino kwa woyamba ndi kuthamanga mphindi 3, kuyenda mphindi imodzi, mobwerezabwereza.

Wochokera kumalo otsika monga ku Nsanje, ku Mangochi kapena ku Salima adzamva mtima ukugunda msanga kuposa kwawo. Zimenezo zisakudabwitseni, ingochepetsani liwiro. Koma mukamva chizungulire, kupweteka pachifuwa, kapena mdima m'maso, imani pomwepo, khalani pansi pamthunzi, imwani madzi, ndipo imbani foni akutengeni.

Malipiro a thukutalo amayamba kuoneka mukangodutsa nyumba zomaliza. Pamakona ena mitengo imatseguka, n'kuona tauni yonse ili pansi panu, madenga a malata akunyezimira, utsi wa m'makhitchini ukukwera mowongoka, ndipo kutali uko chigwa chatambalala kulowera ku nyanja ya Chilwa. Imani pamenepo mphindi imodzi. Munabwerera zomwezo.

Chenjezo: msewuwu uli ndi makona obisika, ndipo m'mawa mumatsika njinga zosenza nkhuni ndi malole a matabwa. Njinga yolemedwa siima msanga pamtsetse. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni, khutu likhale kumsewu. Pakona yokhotera mkati, pamene woyendetsa sangakuoneni, wolokerani mbali yoonekera mutayang'ana bwino uku ndi uku.

Palinso njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene alimi ankatsitsira mbatata zawo kumsika. Ndi yoimirira kwambiri, ya kukwera ndi manja pamawondo, ndipo m'dzinja imaterera. Imeneyi ndi yoyenda muli gulu kapena ndi wolondolera, osati mlendo yekha.

5. Potsika, dzigwireni

Anthu ambiri amavulala pobwerera. Mpweya wabwerera m'malo, msewu ukukukokani, ndiye mumangodzisiya. Mlamu wanga wina wa ku Lilongwe, munthu wolimba wothamanga sabata iliyonse, anatsika msewu umenewu mwaliwiro lake lonse akusangalala. Tsiku limenelo sanamve kanthu. Kutacha, ntchafu zinali zitauma moti potsika pakhonde ankachita kugwira chipupa, ndipo ulendo wathu wa pamwamba unalephereka. Potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki pa phazi lililonse, ndipo ululu wake umadzabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Choncho mapazi akhale afupiafupi ndi ofulumira, phazi lizitera pansi pa thupi. Musatambalitse mwendo kutsogolo n'kumamenyetsa chidendene. Mawondo akhale opindika pang'ono. Musanayambe kutsika, mangitsaninso zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, apo ayi zikhadabo zimada n'kudzachoka. Ngati mawondo anu amavuta kale, palibe cholakwika kukwera wothamanga n'kutsika pagalimoto.

6. Tsiku lachitatu: pamwamba pa phiri

Tsiku limeneli mphamvu zanu zonse zikagwire ntchito pamwamba. Kwerani pa takisi kapena njinga yamoto mpaka ku Ku Chawe. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo gwirizananinso nthawi yodzakutengani, chifukwa pamwamba zoyendera sizipezeka mwachisawawa. Wa njinga yamoto akhale ndi chipewa choteteza mutu cha inunso.

Pafupi ndi hotelayo pamakhala anyamata olondolera alendo. Tengani mmodzi. Muuzeni momveka kuti mukufuna kuthamanga, kuti akupatseni mnzawo amene angakwanitse. Ndimaumirira pa nkhani ya wolondolera pa chifukwa ichi: pamwamba pali misewu yambirimbiri yafumbi ya odula mitengo, yofanana yonse, ndipo nkhalango ya paini imene munthu anaiona chaka chatha mwina lero yadulidwa, patsala zitsa. Chizindikiro chimene wina anakuuzani m'tauni chikhoza kukhala kuti kulibenso.

Ulendo wofupika, umenenso ndimauyamikira kwa mlendo aliyense, ndi wa kudamu la Mulunguzi. Kuchoka pahotela mumafika padamu posakhalitsa, kenako mumatsata mtsinje chokwera, kudutsa mathithi a Mandala, malo otchedwa Trout Farm, mpaka kumathithi a Williams. Njirayi ili ndi mithunzi, mizu yopingasa, ndi miyala yonyowa. Tsiku lina la mu Juni ndinafika padamupo ndi anzanga dzuwa lisanatulukire bwino. Madzi anali bata, nkhungu itagona pamwamba pake ngati thonje, mitengo ya tsidya lina ikuoneka nsonga zokha. Kunkangomveka mapazi athu ndi nkhwangwa ya munthu wina kutali. Dzuwa litangomenya, nkhungu ija inanyamuka pang'onopang'ono, damu lonse n'kutseguka. Tinaima duu, aliyense manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira, ndipo palibe anafuna kuyamba kuchoka.

Damu limeneli ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba. Botolo, mapepala a masiwiti, chilichonse chimene mwabwera nacho, bwererani nacho.

Amene ali ndi miyendo yolimba apitirire ku Emperor's View ndi Queen's View, kudzera cha kudamu laling'ono la Chagwa. Malo oyambawo anawatcha choncho pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, ndipo achiwiriwo pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth II amene anafika kuno mu 1957. Malo awiriwa ayandikana, ali pamphepete pa phompho, ndipo kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Mulanje litaima palokha. Woyenda pansi ulendowu umamudyera theka la tsiku kupita ndi kubwera, ndipo wothamanga asauchepetse: madzi okwanira, chakudya, ndi kunyamuka m'mamawa. Dzenje la Chingwe, lomwe lili mbali yoyang'ana kuchigwa cha Shire, ndi lakutali kuposa apa. Limenelo lisungireni ulendo wina.

Chenjezo: pamathithi musathamange. Miyala yake ili ndi ndere, ndipo bondo likagunda pamenepo galimoto ili kutali. Nkhungu ikakupezani panjira, musapatukane ndi anzanu, ndipo musayandikire kuphompho.

7. Lemekezani eni njira

Inu mukuthamanga mwakufuna kwanu, koma ambiri amene mukumane nawo ali pantchito yolemetsa. Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu amasenza mitengo yaitali kuposa msinkhu wawo, ndipo sangathe kutembenuza khosi. Mukawadzidzimutsa kumbuyo, akatembenuka nsonga ya mtolo ikhoza kukumenyani kumaso, kapena iwo kugwa nawo. Chepetsani liwiro mukadali patali, lankhulani mofatsa kuti, "Zikomo mayi, ndidutse nawo kumanjaku," ndipo dikirani akuyankheni. Panjira yopapatiza, wopatuka ndinu. Musawajambule osapempha.

Moni sawononga mpweya wambiri. "Mwadzuka bwanji, agogo?" kapena kungoti "Wawa" mutakweza dzanja zimakwanira. Kuno kulinso Ayao ambiri, ndipo mukati "Ajimwiche uli?" mudzaona nkhope zikumasuka. Ana akayamba kukuthamangirani pambuyo akuseka, asekereni, koma pamsewu wa magalimoto auzeni abwerere.

Anyani amapezeka m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Musawaonetse chakudya, musawaponyere miyala, dutsani moyenda. Galu akakulondolani, lekani kuthamanga, mutembenukireni, mukalipireni ndi mawu amphamvu, kenako chokani pang'onopang'ono. Yang'ananinso pansi musanaime pamalo, chifukwa mzere wa linthumbu ukakukwerani m'masokosi mudzavula nsapato pakati panjira. M'chilimwe pewani kudzikhula m'tchire la m'munsi mwa phiri, mumakhala chitedze.

8. Mukamaliza

Yendani mphindi 5 thupi lizizire, kenako wongolani akatumba ndi ntchafu. Vulani malaya onyowa msanga, makamaka pamwamba, pamene mphepo imalowa m'thupi thukuta likangouma. Ngati mwatuluka thukuta lambiri, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono.

Kuphiri, nyengo yake ikakwana, mupeza ogulitsa masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu. Apa ndi pamene ndalama zosinthasintha zija zimagwira ntchito. Zipatsozo mukazitsuke ndi madzi aukhondo musanadye. M'tauni, msika wa Zomba uli ndi zonse zobwezeretsa mphamvu: nthochi, mapeyala, mbatata, chinangwa, ndi thobwa lozizira.

Zolakwika zimene alendo amabwerezabwereza

Kuyamba ndi mtsetse. Amene agona kumtunda kwa tauni amatuluka pachipata n'kutsetsereka mosangalala mpaka kumsika, osaganiza kuti chikweza chonsecho chikuwadikira pobwerera, atatopa, dzuwa litakwera. Yambani ndi kukwera mukadali ndi mphamvu, mtsetse ukhale wobwerera.

Kumwa madzi a mumtsinje chifukwa akuoneka oyera. Kumtunda kwake kumakhala anthu ndi nyama, ndipo m'mimba mukasokonezeka ulendo wonse wawonongeka.

Kuthamanga thupi likutentha. Mlendo akamva kuphwanya m'thupi amati ndi kutopa kwa ulendo, n'kumati thukuta lichotsa. Kuno malungo alipo. Pitani mukayezetse kaye.

Kuonetsa foni yodula ndi wotchi yonyezimira panjira yopanda anthu, kapena kupita wekha kumalo akutali. Amayi makamaka, pezani mnzanu wothamanga naye, ngakhale wa pamsonkhano womwewo.

Kunyoza mitambo ya m'dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumacha bwinobwino, koma masana mvula yamabingu imagwa mwadzidzidzi, timitsinje timene munadumpha popita n'kudzaza. Pofika 11 koloko mukhale mutachoka kumalo oonekera ngati Emperor's View, ndipo mtsinje ukadzaza musayese kuwoloka, dikirani madzi aphwe.

Kukonza ulendo wa pamwamba m'mawa wa tsiku lobwerera kwanu, basi ili yonyamuka m'mawa womwewo. Munthu amathamanga maso ali pawotchi, kenako n'kukapindika miyendo m'minibasi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe minofu ikadali yotentha, pofika n'kulephera kutsika. Ngati masiku anu ndi awiri okha, chotsani tsiku la chikweza: loyamba thamangani ku Botanic, lachiwiri kwerani pagalimoto mukathamange kudamu, ndipo basi yanu ikhale ya masana.